Mchere pa Kabolodi

Katundu wa malemu a Dyton Nkhoma anamuyala pamikeka kuseri kwa nyumba yawo ku Matero, mu Lusaka, pafupi ndi mpope wa madzi. Sanali katundu woti munthu wanzeru zake n'kukwerera basi kuchokera ku Chipata: masuti awiri ofwifwa m'mapewa, nsapato, kompyuta yakale yochita kuimenya pambali kuti iyake, chitsulo chowotcherera mawaya, ndi zitini za timisomali. Koma abale anabwera ndithu. Anakhala mozungulira mikekayo ndi nkhope zonena kuti iwo za katundu alibe nazo ntchito, chikhalirecho maso ali pa masuti.

Magdalene, mwana woyamba wa malemuwo, anali m'nyumba, atakhala pansi pambali pa mayi ake, a Eneless, monga amakhalira ofedwa. Khomo la kuseri linali lotsegula ndipo ankaona zonse. Anaona azakhali ake, a Ida, mlongo wa bambo ake, akutuluka kuchipinda ndi kabokosi kapulasitiki kobiriwira, n'kukaika pakati pa nsapato ndi zitini.

Kabokosiko kanalidi ka malemu. Ndi mmene ankanyamulira mbatata ndi buledi popita kuntchito, masiku amene kampani ya boma imene ankakonzako mawailesi a mauthenga inali isanagulitsidwe, iwo n'kuuzidwa kuti akapume kunyumba asanatope n'komwe. Koma zimene zinali m'katimo sizinali zawo. Munali kabolodi ka makina, kofanana kukula ndi chikhatho cha munthu wamkulu, kokhala ndi tinyanga tiwiri totumizira ndi kulandirira intaneti popanda waya. Kanali ka koleji imene Magdalene ankaphunzirako zamagetsi ndi makompyuta, ndipo maphunziro ake onse anali atapachikika pa kabolodi kameneko.

Pa mayeso omaliza wophunzira aliyense ankaonetsa chinthu chogwira ntchito chimene wakonza yekha. Anzake anasankha maalamu a mbava ndi maloboti a pamsewu. Magdalene, mwana wa bambo ake, anasankha chimene onse ankachithawa. Kabolodi kotere kamabwera kali mbuli yeniyeni. Munthu amayenera kukonza pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, kuilemba m'kakhadi, kubaya kakhadiko pa bolodi, n'kulumikiza magetsi pamaso pa oyesa. Kakadzuka mpaka kufika popempha dzina la mwini wake, n'kuyamba kulankhulana ndi kompyuta ya kutsidya kwa chipinda popanda waya, wakhoza. Kakapanda kudzuka walephera, ngakhale utafotokoza mokoma ngati mlaliki. Chaka chimenecho mmodzi wa oyesa anali wochokera ku kampani ina yatsopano imene inkadzala milongoti ya intaneti pamadenga a m'tauni, ndipo zinkadziwika kuti wodzutsa kabolodi amutenga ntchito. Bambo atapita, m'nyumba muja munalibe wina woti n'kukagwira ntchito koma Magdalene.

Tibolodi tinabwera tiwiri, mphatso yochokera kunja. Kena kanapsa tsiku lina magetsi atabwerera ndi ukali, ndipo mphunzitsi wake, a Chibwe, analandira chenjezo ngati kuti ndi iwo amayendetsa magetsi a dziko lino. Panaikidwa lamulo loti kotsalako kasatuluke pageti. Koma labu, chipinda chophunziriramo zamagetsi, inkakhala yokhoma masana ambiri, magetsi akenso ozimazima, ndiye a Chibwe, munthu wachifundo koma wamantha, anamulowetsera Magdalene kabolodiko m'chikwama n'kumuuza kuti iwo sanaone kanthu.

Kunyumba ndiye kunali chisangalalo. A Dyton, amene anali atatopa ndi kukonza mawailesi a anthu pakhonde, anatsitsimuka ngati chimanga chaona mvula. Anawotcherera okha chingwe cholumikiza kabolodi ndi kompyuta, ndipo ndi iwo anapereka kabokosi kawo kuti fumbi la ku Matero lisalowe. Chingerezi cha pasikirini sankachimva chonse, koma ankakhala pambali, magalasi ali pamphuno, kudikira kuti mizere iyambe kuthamanga. Tsiku limene kanadzuka koyamba mpaka pamapeto anaitana ndi oyandikana nawo omwe, kuti adzaone zinthu zimene ngakhale iwo eni sakanatha kuzifotokoza. Chakudza sichiimba ng'oma. Mlungu wotsatira anagwa ali pampope akusamba m'manja, ndipo pofika kuchipatala anali atatisiya.

Tsono Magdalene ataona kabokosiko pamkeka, anayamba kudzuka. Dzanja la mayi ake linamugwira pabondo, zala zikulowa m'mnofu.

"Nkhala pansi," ananong'ona a Eneless.

"Amai, kaja ni ka kusukulu. Si ka batate."

"Niziba. Manje ukakamba ati aka ni kanga, bazakamba ati tabisa na vinangu. Ufuna batichose muno munyumba?"

Magdalene anakhalanso pansi. Mayi ake sankanama. Mumsewu wawo womwewo munali mayi wina amene anatsala ndi mphika ndi ana basi, chifukwa chongonena kuti firiji anagula ndi iye. Nkhani ya nyumba ya a Nkhoma inali isanakambidwe, ndipo panali alamu ena amene anali atayamba kale kuyeza zipinda ndi maso. Anadzilimbitsa mtima kuti palibe chaonongeka: kabokosi apatsidwe aliyense amene apatsidwe, iye adzapita kukapempha anthu akabalalika. Chimene sanachiganizire ndi beseni.

A Ida sanali munthu woipa, tisawanamizire. Analira mlongo wawo mpaka mawu kutha. Kungoti anali mayi wosachita zinthu mwatheka. Kumpingo kwawo katundu wa womwalira sagawidwa asanawazidwe madzi opempherera, kuti wolandira asamalote mwini wake. Mkulu wa mpingo anathira mchere wodzaza dzanja m'beseni, anapemphera, n'kupereka kanthambi ka mango kwa a Ida. Masuti analandira timadontho. Nsapato chimodzimodzi. Kompyuta anaiwaza ali patali, poti aliyense amadziwa kuti kompyuta sikonda madzi. Atafika pa kabokosi anatsegula, n'kuyang'anitsitsa m'katimo.

"Ichi ndicho chinthu chimene mlongo wanga ankachigwiragwira mpaka tsiku lomaliza," anatero. "Manja ake onse ali pano."

Anaviika kanthambi konse n'kuwaza. Anaviikanso. Anatembenuza kabolodi kuti nako kuseri kusadandaule, misozi ikutsika m'masaya. Kenaka anatseka chivindikiro n'kuchikanikiza mbali zonse, mwina poopa kuti pemphero lingatuluke.

Magdalene anaonerera zonsezo pakamwa pali potseka. Ankadziwa chimene mchere umachita ndi timizere tamkuwa tochepa kuposa tsitsi. Ankadziwanso kuti pa bolodipo pali kabatire kosunga nthawi kamene sikagona, ndipo madzi amchere akakumana ndi moto wa kabatireko, kudyeka kumayamba pompo. Kudziwa konseko sikunamuthandize kanthu. Analira, ndipo amayi a m'nyumbamo anamusisita kumsana, akumati mwanayu ankawakonda bambo ake.

Kabokosi kanagwera a Hosea, mng'ono wa malemu, wowotcherera mageti ndi mawindo ku Kanyama, pachifukwa choti iwo ndi amene amadziwa zazitsulo. Masana omwewo anakakhomera gawo lawo kunyumba n'kuperekeza abale ku Chipata, kumene nkhani za pabanja zinawachedwetsa. Mayeso ankayandikira, Magdalene ali m'nyumba ya maliro, kulandira obwera kudzapepesa ndi kuwaphikira tiyi. Aliyense ankamuuza kuti tsopano ndi iye bambo wa pakhomo pano, kuti amalize sukulu msanga asamalire mayi ake. Iye ankangoyankha kuti zikomo, maganizo ali m'kabokosi kotseka kaja.

Atamva kuti a Hosea abwerako, ananyamuka m'mamawa. Mvula inali itayamba, ndipo ku Kanyama mvula ikagwa dera lonse limasanduka chithaphwi chimodzi chokhala ndi nyumba m'kati. Anayenda chodumphadumpha pamiyala ndi pamatayala, nsapato zili m'manja. Njira yonse ankakonza mawu. Katundu wa maliro akagawidwa sabwerera. Kumufunsa n'chimodzimodzi kunena kuti akuluakulu ogawa analakwitsa, ndipo mawu otere amafika ku Chipata msanga kuposa basi.

Anawapeza akuwotcherera geti pakhomo. Anagwada m'matope momwemo, anapereka moni, anafunsa za ulendo, za azakhali, za mmene mvula yayambira kum'mawa, kuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Potsiriza anaitulutsa nkhani ija, maso ali pansi. A Hosea anakweza magalasi akuda pamphumi n'kumuyang'ana modabwa.

"Kaja kabokosi ka gilini? Ine sin'nakasegule na kukasegula. Nanga sunakambe bwanji pamene paja, mwana wanga? Sembe tinakupasa chabe."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa kukanizidwa. Mwina akanamupatsadi. Mwinanso anali mawu okoma a munthu amene ali yekha pageti pake, popanda gulu la abale pambali. Panalibe njira yodziwira. Anathokoza, analandira kabokosi ndi manja awiri, tiyi anakana.

Anakatsegula ali pasiteji ya minibasi, chifukwa mtima sunalole kudikira mpaka kunyumba. Kunsi kwa chivindikiro kunali kutachita thukuta, ndipo munatuluka fungo la chitsulo chonyowa. Bolodi lonse linali lotuwa ngati miyendo ya mwana wosadzola, m'mphepete mwa tizitsulo muli tobiriwira tonga nkhungu. Kondakitala ankaitana anthu a ku tauni pafupi ndi khutu lake, koma iye sanamumve mpaka minibasi inadzadza n'kunyamuka.

Kunyumba kunalibenso chogwirira ntchito. Chitsulo chowotcherera chinali chitapita kwa uyu, mita yoyezera magetsi kwa uja, kompyuta ija inali ku Chipata pansi pa kansalu koluka. Anagula spiriti, anatenga mswachi, n'kukhala pakhonde pamene bambo ake ankakhala, kutsuka kamwendo kalikonse ka kachipangizo kalikonse. Anakayanika pamthunzi, pa nyuzipepala. Kanawala ndithu ngati katsopano, ndipo mtima, umene suphunzira, unayambanso kuyembekezera.

Mnzake wina dzina lake Monalisa anali ndi kashopu kotayipira makalata kumsika wa Matero. Anamubwereka kompyuta nthawi ya nkhomaliro, akumuseka kuti akakhala bwana wa milongoti asadzamuiwale. Magdalene analumikiza chingwe, anabaya kakhadi, anapuma kwambiri, n'kulowetsa magetsi.

Kanyali kobiriwira kanayaka. Pasikirini yakuda panatuluka mzere woyamba, wa kapulogalamu kakang'ono kamene ntchito yake ndi kudzutsa yaikulu ija. Kanayendera malo osungira zinthu, kanapeza kakhadi, kanayamba kumasula pulogalamu yaikulu. Mizere inathamanga monga kale, ndipo Monalisa, amene sankamvapo kanthu, anamugwira mnzakeyo paphewa. Koma pofika pamene makina amafunafuna kawailesi kake ka mkati, mizere inaima. Panatuluka manambala osokonekera, ndipo pansi pake mawu achingerezi amene ophunzira onse amawaopa, onena kuti mtima wa pulogalamu wagwidwa ndi mantha ndipo sungapitirire. Kanyali kanazima, kanayakanso, zonse n'kuyambiranso pachiyambi.

Anayesa zonse zimene ankadziwa. Analemba kakhadi mwatsopano. Anauza pulogalamu kuti idumphe kaye malo ovutawo, koma mantha aja anangosamukira pamzere wina. Anatsukanso, anayanikanso. Monalisa anabweza anthu awiri ofuna kutayipitsa makalata ofunsira ntchito, kenaka anayamba kuyang'ana kukhomo mosowa mtendere, ndipo Magdalene anadziwa kuti yakwana nthawi yolongedza.

Anawapeza mayi ake pakhonde, mutu wometa uli pamtunda, akusankha nyemba m'lichero. Nkhani ya nyumba inali itatha: abale anawasiyira, poona kuti mlamu wawo sanabise kanthu ngakhale kabokosi ka buledi. A Eneless anayang'ana nkhope ya mwana wawo ndipo sanafunse ngati zayenda.

"Manje kakamba chani?" anafunsa.

Magdalene anali atatopa kwambiri moti sanafune kufotokoza, anangomasulira mawu aja mmene alili. "Kakamba ati mutima wake wagwiliwa na mantha."

A Eneless anasiya nyemba. "Kayopa? Kaziba kuti mwine wake kulibe." Kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati angaitane mkulu wa mpingo uja kuti adzakawazenso timadzi.

Magdalene anafuna kunena kuti ndi timadzi tawo tomweto timene takapha, kuti ndi dzanja lawo limene linamukhazika pansi, kuti nyumba aipulumutsa potaya sukulu yake. Koma atawayang'ana anaona kuti mayi ake akudziwa kale zonsezo, ndipo akungopereka chimene ali nacho, chifukwa china alibe. Anameza mawu aja. Anangoti asavutike, n'kukhala pambali pawo. A Eneless anayambanso kusankha, koma ankataya nyemba zabwino pamodzi ndi zofumbwa.

M'mawa mwake anapita kwa a Chibwe n'kuwauza zonse, kuyambira pamkeka mpaka pabeseni. Iwo anatseka chitseko cha labu, anaseka kaseko kopanda chimwemwe, n'kutenga mita ndi galasi lokuzira zinthu. Anayeza nthawi yaitali. Mchere unali utalowa pansi pa kachipangizo kakuda ka pakati, kumene mswachi sufika ndipo chitsulo chowotcherera sichingalowe. Chipangizo china chotere mu Lusaka munalibe. Kuitanitsa kunja, chikanafika mvula itatha kalekale, ndipo oyesa amabwera kamodzi pachaka.

Magdalene anafunsa ngati sanganene zoona kwa akuluakulu, n'kupempha kuti amuyese nthawi ina. Maliro ndi chinthu chimene aliyense amachimvetsa. A Chibwe anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Anakamba za ana awo a kusukulu, za chenjezo lija, za mmene aphunzitsi osowa ntchito achulukira masiku ano ngati tomato wa kumsika wa Soweto. Sanamupemphe kuti aname. Anali munthu waulemu kwambiri moti sakanatero.

"Ba Nkhoma, ine siningakuuzeni vokamba," anatero potsiriza. "Koma mwamene nizibila ine, aka kabolodi sikanachokepo muno mu labu."

Magdalene anamvetsa. Anawakwiyira njira yonse yobwerera ku Matero, koma mkwiyowo unalibe pogwira. Munthu yekhayo amene anamuchitira chifundo pakolejipo ndi amene akanachotsedwa ntchito chifukwa cha chifundocho. Ndipo ngakhale atanena zoona, bolodi lina silikanagwa kuchokera kumwamba. Akanangoonjezera nyumba yachiwiri yosowa wogwira ntchito.

Tsiku la mayeso anavala malaya oyera ndi duku lakuda la maliro. Mu labu munali phokoso: maalamu a anzake akulira, maloboti akuphethira, wina ali kalikiliki kumata waya ndi tepi mobisa. Oyesa anali awiri. Wina anali mkulu wa dipatimenti, bambo wa jekete lothina amene ankayang'ana wotchi pafupipafupi. Wina anali a Kalumba, a ku kampani ya milongoti ija, munthu wamfupi wosalankhulalankhula, manja ali zipsera za mawaya. A Chibwe anaima pawindo, akuyang'ana mvula ngati sanaionepo.

Itafika nthawi yake, Magdalene anafotokoza m'Chingerezi chosakokakoka, chomwe chija bambo ake ankachinyadira kwa oyandikana nawo. Anafotokoza mmene anakonzera pulogalamu, zimene anachotsamo kuti ikwane m'kakhadi, ndi chifukwa chake. A Kalumba anagwedeza mutu kangapo, n'kufunsa funso limodzi lovuta, ndipo iye analiyankha. Kenaka analowetsa magetsi.

Kanyali kanayaka. Mizere inayamba kuthamanga, iye akutchula chimene uliwonse ukutanthauza. Inafika pa kawailesi paja, inadodoma, n'kupitirira. Magdalene anawerama pafupi ndi sikirini. Chichokereni m'kabokosi muja kanali kasanafikepo pamenepo. Panatuluka mzere wina, ndi winanso. A Chibwe anatembenuka pawindo paja. M'mtima Magdalene anayamba kupemphera mawu osalongosoka, kulonjeza zinthu zimene sanazikumbukirenso pambuyo pake. Ndiye mizere inaima, manambala aja anatayika pasikirini, ndipo pansi pake panabwera mawu a mantha aja.

Anampatsa mpata woyesanso, poti malamulo ankalola. Ulendo uno sikanafike n'komwe pa kawailesi.

Mkulu wa dipatimenti anaika cholembera patebulo n'kumufunsa ngati kabolodi kanagwapo, kapena kunyowa, kapena kutuluka mu labu muno. Anafunsa mwaulesi, ngati munthu wongokwaniritsa mwambo. Mvula inkamveka padenga. Magdalene anayang'ana kuwindo, anaona khosi la a Chibwe, kolala ya malaya awo itasokedwa chotembenuza kuti kung'ambika kusaoneke. Anayankha kuti bolodi lilibe vuto, cholakwika chiyenera kukhala m'pulogalamu yake.

Mkulu uja anagwedeza mutu mokhutira, ngati munthu amene ulosi wake wakwaniritsidwa. Anati iye ananena kuyambira pachiyambi kuti ntchito imeneyi ndi yolemera kwa mtsikana, bola akanasankha alamu ngati anzake. Apa ndi pamene panamupweteka Magdalene koposa. Pulogalamu ija inalibe cholakwika ngakhale chimodzi, ndipo munthu amene anaiona ikudzuka mpaka pamapeto, n'kuitana anthu kuti adzaone, anali kumanda.

A Kalumba anapempha kuti aone kabolodiko. Anakagwira m'mphepete, mmene amagwirira anthu odziwa, n'kukapendekera kowala. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndi chikhadabo anakanda m'mbali mwa kachipangizo kakuda kaja, ndipo panatuluka kaufa koyera kochepa zedi. Anakayang'ana, n'kukagunditsa palilime. Anayang'ana duku la Magdalene, anayang'ananso msana wa a Chibwe. Mkulu wa dipatimenti anali atatembenukira kumbali kuyankha foni yake ya m'manja. A Kalumba anasiya Chingerezi n'kutsitsa mawu.

"Ni ndani anatisiya?"

"Batate."

"Pepani maningi." Anapukuta chikhadabo chija pa buluku. "Ife kwathu banawaza TV."

Magdalene anadikira. Kwa kanthawi anakhulupirira kuti bamboyu alankhula, kuti auza mnzakeyo kuti mwanayu sanalakwitse kanthu. Anaona milomo yawo ikufuna kutseguka. Koma a Kalumba anali munthu wa konkuno. Ankadziwa kuti akatchula mchere, pafunika kufunsa mmene mchere unalowera mu labu yokhoma, ndipo yankho lake linali litaima pawindo, lili ndi ana a sukulu. Anabweza kabolodi patebulo ndi manja awiri, pang'onopang'ono. Anatenga cholembera n'kulemba chimene malamulo amati alembe chinthu chikapanda kudzuka.

Oyesa anasunthira kutebulo lina, ndipo a Chibwe anawatsatira osamuyang'ana. Palibe amene anakumbukira kuzimitsa kabolodi. Kanali kakuyesabe: kanyali kuyaka, mizere kuthamanga, kuima, mantha, n'kuyambiranso. Magdalene anaima pomwepo akuonerera, manja ali lende, ndipo ulendo uliwonse mizere ikayamba, maso ake ankaitsatira ngati kuti tsopano ingafike. Wophunzira wa patebulo loyandikana, atanyamula alamu yake, anamufunsa mwaulemu ngati wamaliza ndi soketi. Magdalene anawerama n'kuzula yekha.